Mzere umodzi papepala wanditsegula mutu pa dementia

Mutu wa dementia, matenda a ubongo amene amachititsa munthu kuiwala ndi kusokonezeka maganizo, wandizunguza teremu yonse, koma sabata ino wakhazikika, ndipo mtima wanga uli m'malo. Matanthauzo aatali sindibwereza, anzanga ophunzira zachipatala nonse muli nawo m'makope. Za amyloid ndi tau, mapuloteni amene amaunjikana mu ubongo, za Alois Alzheimer ndi wodwala wake Auguste Deter amene anamufotokoza mu 1906, za chiwerengero cha WHO choti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, zonsezo tinaloweza kalekale. Chimene chimandisowa chinali poyambira ndikakhala maso ndi maso ndi agogo osokonezeka mutu, achibale atandizinga akudikira kuti ndinenepo kanthu.

Poyambira pake ndi nthawi. Zinayamba liti, nanga zayenda bwanji kuchokera pamenepo? Ndimatenga pepala n'kujambula mzere, kumanzere ndi pamene agogo anali bwinobwino, kumanja ndi lero. Mmene mzerewo watsikira ndiye umandiuza kolowera.

Ngati Lamlungu anapita okha kutchalitchi, Lachitatu akubwebweta, akuona zinthu zoti palibe, masana akusinza usiku akulimbana ndi anthu, mzerewo wagwa mwadzidzidzi. Imeneyo timaiyesa delirium, kusokonezeka mutu kwadzidzidzi kobwera ndi vuto lina m'thupi, kufikira titapeza china, ndipo ndi yofunika changu, poti choyambitsa chingakhale malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, shuga wotsika kapena wokwera, kuchepa madzi m'thupi, mankhwala amene angoyamba kumene. Munthu wotere akhoza kutisiya ife titalemba "ukalamba" m'buku lake la kuchipatala, chonsecho kubaya chala n'kuyeza malungo ndi shuga kukanatiuza zambiri.

Mzere wina umatsika mwa masitepe. Agogo anali bwino, tsiku lina pakamwa panapindika pang'ono ndipo mawu anavuta, kenako anakhazikika miyezi ingapo, kenako anatsikanso. Pamenepo ndimaganiza za mitsempha ya magazi ya mu ubongo, timasitiroko tobwera motsatizana, ndipo ndimafunsa za BP, shuga ndi fodya. Apa pali chochita, chifukwa kumwa mankhwala a BP mosadumphitsa kumachepetsa mpata woti sitepe yotsatira ibwere.

Wachitatu ndi wotsetsereka pang'onopang'ono kwa zaka, moti palibe wachibale angaloze tsiku lake. Ndiwo wa Alzheimer's, imene imatenga pakati pa 60 ndi 70 mwa odwala dementia 100 alionse. Apa mpamene hippocampus, gawo la ubongo lothandiza kukumbukira, inasiya kukhala dzina loloweza chabe kwa ine. Ndiyo khomo lolowera zatsopano, ndipo ndiyo imayamba kuonongeka. Zili ngati nkhokwe yoti chimanga chakale chilimo koma cha chaka chino sichikulowanso. N'chifukwa chake agogo amakana kuti adya nsima mbale ili pomwepo, koma nyimbo za pa chinamwali chawo amaimba osaphonya, ndipo za ufulu wa 1964 amasimba bwinobwino. Madzulo akamamanga katundu n'kumati akupita kwawo, ali m'nyumba ya mwana wawo ku Kawale, kwawo kumene akunenako ndi mudzi wa ubwana wawo, umene udakali wonse m'mutu mwawo.

Nditamvetsa zimenezi ndinachita mantha ndi nkhani ina. Agogo otere amatuluka usiku, amasochera, mwina avula chifukwa zovala zanyowa ndi mkodzo, m'bandakucha n'kupezeka pakhomo pa eni ake. Anthu amati agwa m'ndege ya ufiti. Akawapanikiza ndi mafunso amavomera chilichonse, poti sakutsatira n'komwe zimene akufunsidwa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya silikumbuka lamulo. Ife ovala yunifomu tikalephera kutchula matendawa ndi dzina lake, mudzi umawapatsa dzina lake lina.

Njira ya mzereyi ndaikonda kwambiri, mwakuti ndikuona ngati ikuposa zipangizo zonse zimene tinaphunzitsidwa. Achibale sakumbuka madeti, choncho ndimakhoma zikhomo ndi zochitika zimene aliyense amadziwa: Covid isanafike mu 2020 ankapitabe okha kumsika? Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ankaphikabe? Pa maliro a amuna awo anazindikira anthu? Chaka chatha pokolola anawerengera okha matumba? Chinanso ndi kusankha womufunsa. Amene wabwera nawo pa galimoto kawirikawiri ndi mwana wa m'tauni, wa ku Area 47 kapena 25, amene amawaona pa Khirisimasi pokha. Wodziwa zenizeni ndi mdzukulu kapena mpongozi amene amagona nawo nyumba imodzi ku Mitundu kapena ku Nsaru. Ndimapempha kuti amuimbire foni pomwepo.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi nthawi yambiri inathera pa MMSE, mafunso oyezera kukumbukira ndi kuganiza kwa munthu. Inde, ndi yodziwika, ya mu 1975, mapointi 30. Koma kuuza agogo amene sanagwirepo cholembera kuti achotsere 7 pa 100 mobwerezabwereza, kapena akopere chithunzi cha ngodya zisanu, n'kuyeza sukulu imene sanapiteko. Amalephera, amachita manyazi pamaso pa ana awo, ife n'kulemba nambala yosatiuza kanthu. Mutu wonsewu unaikidwa kumapeto kwa teremu, aphunzitsi akuthamangira mayeso, ndipo funso la mmene tingayezere munthu wosaphunzira linayankhidwa ndi mawu akuti mukawerenge nokha. Ku wodi nako mzere wa odwala umafika panja. Mphindi zochepa zimene timapatsa munthu mmodzi sizikwana kujambula zaka zisanu za moyo wake, ndiye ndimamaliza mafunso nthawi ya nkhomaliro gadiyani akutsuka mbale.

Mabanja ambiri amafunsa kumene angapeze neurologist, dokotala wa ubongo ndi minyewa. Madokotala amenewa ndi ochepa zedi m'dziko muno, ndipo njira ya boma imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu, ndi buku la kuchipatala, n'kulandira kalata yotumizira ku Kamuzu Central, kumene kuli madokotala akuluakulu. Za khalidwe losintha, kusagona ndi kukhumudwa, kuli gawo la matenda a maganizo ku Bwaila ndiponso St John of God muno mu Lilongwe. Koma tisanatumize, pali zoyeza zimene zina mwa izo zimachizika: HIV, chindoko, kuchepa magazi ndi vitamini B12, chithokomiro, ndi matenda a kukhumudwa amene mwa okalamba amaoneka ngati kuiwala. Amene ndikuona kuti asachedwe kwa katswiri ndi sikani ya mutu ndi wosakwana zaka 65, wotsika mofulumira m'miyezi yochepa, amene anagwa n'kumenya mutu, wokomoka ngati khunyu, wofooka mbali imodzi, ndi amene kuyenda ndi kugwira mkodzo zavuta pamodzi ndi kuiwalako. Wina ndi wonjenjemera, wouma thupi, woona anthu amene palibe: ameneyo akhoza kukhala ndi mtundu wina wa dementia wotchedwa Lewy body, ndipo haloperidol, mankhwala amene amaperekedwa kwa osokonezeka mutu, ingathe kumupweteka koopsa. Onsewa ndimafuna apite atanyamula pepala la mzere lija m'buku lawo, kuti katswiriyo asayambirenso pachiyambi.

Pali pamene ndikadakayika. Mzere umafuna mboni, nanga agogo okhala okha, amene anansi angowatola pamsewu? Ambiri ali ndi Alzheimer's ndi vuto la mitsempha ya magazi nthawi imodzi, ndiye mzere wawo umasakanikirana. Amene amwa ma ARV zaka zambiri n'kuyamba kuchedwa kuganiza ndimasowabe powaika. Ndipo donepezil, mankhwala a Alzheimer's, kwa amene angaipeze, imangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi, sichiza. Mwana wawo akandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Adokotala, amayiwa achira?", mawu oti ndimuyankhe osamunamiza komanso osamuthyola mtima sindinawapezebe. Mwina inu amene mwakhalitsa ku wodi muli nawo.