Zolemba za Loweruka: mausi, rula ndi masentimita

Loweruka, kunja kwatentha kuyambira m'mamawa. Ntchito ya lero inali yokonza makompyuta osewerapo magemu owomberana, makamaka Counter-Strike 2 ndi Valorant, kuti mausi iziyenda chimodzimodzi tsiku lililonse. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti mausi ikuthawa, ndipo wodandaulayo amakhala ataganiza kale zogula ina ya DPI yochuluka (DPI ndi muyezo wa mmene mausi imamvera kuyenda). Nthawi zambiri mausiyo imakhala ilibe mlandu.

Tinayambira pa Windows gemu tisanayitsegule n'komwe. Mukalowa mu Control Panel, pa Mouse, kenako pa Pointer Options, mupeza kabokosi ka Enhance pointer precision. Kakakhala kochonga, Windows imasintha mtunda umene kamuvi kakuyenda potengera liwiro la dzanja lanu. Mukasuntha mausi masentimita asanu pang'onopang'ono kamuvi kayenda pang'ono, mukasuntha masentimita asanu omwewo mothamanga kafika patali. Polemba makalata zimenezi sizivuta, koma posewera dzanja silingazolowere mtunda umene ukusinthasintha. Chotsani chochongacho. Pamwamba pake pali posankhira liwiro pa timizere 11. Ikani pa kamzere ka nambala 6, pamene Windows siwonjezera kapena kuchotsera chilichonse pa zimene mausi yatumiza. Mu Settings ya Windows 11 muyezo womwewo uli pa 10 mwa 20. Counter-Strike 2 ndi Valorant zimawerenga mausi mwachindunji osadzera pa zosankha zimenezi, koma magemu akale ndi ena oyendetsa kamuvi pa skirini amazitsatira, choncho ndi bwino kuzikonzeratu.

Tili pomwepo tinaonanso skirini. Skirini ya 144 Hz imatha kumagwira ntchito pa 60 Hz miyezi yambiri mwiniwake osadziwa, chifukwa palibe anaisintha pa Advanced display. Pa 60 Hz chithunzi chatsopano chimabwera pakadutsa mamilisekondi 16.7, pa 144 Hz pakadutsa 6.9. Munthu amaona ngati mausi ndi yolemera kapena yochedwa, pamene chochedwa ndi chithunzi.

Cha m'ma 10 koloko tinafika pa nkhani ya DPI. DPI ndi chiwerengero cha timasitepe timene sensa, kadiso ka pansi pa mausi, imawerenga mausi ikayenda inchi imodzi, yomwe ndi masentimita 2.54. Pa DPI 800, inchi imodzi ndi timasitepe 800. Nambala ya 16,000 kapena 26,000 yolembedwa pa bokosi ikungonena malire a sensayo, ndipo osewera enieni safika kumeneko. Akatswiri ambiri a magemu owomberana amakhala pa 400, 800 kapena 1600. Ife timasankha 800 pa makina onse: pa skirini ya 1920 ndi 1080 kamuvi kamawoloka skirini yonse ndi masentimita pafupifupi 6, kutanthauza kuti pogwira ntchito zina simuvutika, ndipo mu gemu nambala zake zimawerengeka mosavuta.

DPI payokha siikuuzani kanthu mpaka mutaichulukitsa ndi sensitivity, nambala ya liwiro la mausi imene mumasankha mu gemu. Zotsatira zake ndi zimene osewera amazitcha eDPI. Wa DPI 400 ndi sensitivity 2 ali chimodzimodzi ndi wa DPI 800 ndi sensitivity 1, onse ali pa 800. Koma eDPI imagwira ntchito mkati mwa gemu imodzi yokha, chifukwa gemu iliyonse ili ndi mlingo wake wa mmene kasitepe kamodzi kamakutembenuzirani. Mu Counter-Strike 2 ndi madigiri 0.022, ndipo Apex Legends imagwiritsa ntchito mlingo womwewo. Mu Valorant ndi 0.07, mu Overwatch ndi 0.0066. Ndiye amene watenga sensitivity 1 ya Counter-Strike n'kukailemba mu Valorant amapezeka akuzungulira mofulumira kuposa katatu. Kuti musamutse bwino, gawani nambala ya Counter-Strike ndi 3.18, ndipo 1 imasanduka 0.314. Popita ku Overwatch chulukitsani ndi 3.33.

N'chifukwa chake muyezo umene timaudalira ndi wa rula: masentimita angati amene mausi iyenera kuyenda kuti mutembenuke kuzungulira kwathunthu, madigiri 360. Nambala imeneyi ndi ya dzanja lanu, ndipo mutha kuitenga kupita nayo ku gemu iliyonse kapena pa kompyuta ya mnzanu.

Kayezedwe kake ndi kotere. Lowani mu mapu opanda adani, lozani pangodya ya khoma kapena pa mzati woonda. Ikani mausi kumanzere kwa padi yoyendetsapo mausi, rula kapena tepi ya atelala igone m'munsi mwake, ndipo dziwani pamene m'mphepete mwa mausi mwayambira. Sunthani kupita kumanja mowongoka, pang'onopang'ono, mpaka kachizindikiro kolozera kabwererenso pangodya paja. Werengani masentimita. Padi ikakutherani musanamalize, yezani theka la kuzungulira n'kuchulukitsa kawiri. Amene amakonda masamu angathe osagwira rula: mu Counter-Strike 2 gawani 41,564 ndi eDPI yanu, mu Valorant gawani 13,063 ndi eDPI yanu. Motero eDPI 800 mu Counter-Strike ndi masentimita 52, eDPI 1600 ndi 26, ndipo DPI 800 pa sensitivity 0.35 mu Valorant ndi masentimita pafupifupi 47. Komabe yezani ndi rula ngakhale kamodzi, chifukwa DPI yeniyeni ya mausi imatha kusiyana pang'ono ndi yolembedwa.

Kompyuta imene anthu ankaidandaula kwambiri tinaipeza ili pa DPI 3200 ndi sensitivity 2.5 mu Counter-Strike 2. Ameneyo ndi eDPI 8000, kuzungulira kwathunthu pa masentimita asanu okha. Mutu wa mdani amene ali patali umatenga kachigawo kochepa ka digiri imodzi, pamene pa liwiro limeneli milimita imodzi ya dzanja ikutembenuzani madigiri pafupifupi 7. Kugunda kwa mtima kokha kungakuphonyetseni. Tinaitsitsira pa DPI 800 ndi sensitivity 1.2, masentimita 43.

Kwa magemu ofuna kulondola ngati awiriwa, poyambira pabwino ndi pakati pa masentimita 35 ndi 55. Magemu othamanga, omwe adani amalumpha n'kukuzungulirani monga Overwatch ndi Apex, ambiri amawasewera pakati pa 25 ndi 40. Mukasankha poyambira, yesani motere: lozani kadontho ka pakhoma, yendani kumanzere ndi kumanja ndi mabatani a A ndi D, kachizindikiro kasachoke pakadonthopo. Ngati kakumapitirira n'kumabwerera, liwiro lachuluka, chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati kakutsalira m'mbuyo ndipo mkono ukulema, wonjezerani chimodzimodzi. Onaninso kuti mukutha kutembenuka kuyang'ana kumbuyo ndi kukoka kumodzi kuchokera pakati pa padi. Mukapeza nambala yanu, ilembeni papepala ndipo isiyeni masabata angapo. Chizolowezi choipitsitsa pa nkhaniyi ndi kusintha sensitivity nthawi iliyonse mwaluza. Zili ngati kuzula mbewu m'mawa uliwonse kuti muone ngati yagwira mizu.

Pali kena kamene kamasokoneza osewera a Counter-Strike amene amatambasula chithunzi cha 4:3 kuti chidzaze skirini. Amaona ngati mausi yayamba kuthamanga chopingasa, n'kufuna kusintha nambala. Masentimita a kuzungulira sanasinthe. Chatambasuka ndi chithunzi chokha, musakhudze kanthu.

Titadya nkhomaliro tinayang'ana mamausi enieniwo. Choyamba ndi sensa. Mausi ya muofesi inapangidwira dzanja loyenda modekha. Mukaikoka mwamphamvu, sensa imalephera kutsatira padi ndipo mu gemu mumangopezeka mwayang'ana kumwamba kapena pansi. Vutoli limaonekera kwambiri mukangotsitsa sensitivity, poti tsopano mkono ukukoka mitunda italiitali mwachangu. Nambala yofunika pa bokosi ndi IPS, mainchi amene sensa ingatsatire pa sekondi. Sensa ya PixArt PMW3360 imafika 250, PAW3395 imafika 650, ndipo zonsezi n'zoposa pamene dzanja la munthu lingafike posewera. Kuyesa n'kosavuta: kokani mausi mwaukali kuchokera mbali ina ya padi kufika mbali ina, kangapo. Ikasochera, siyoyenera. Kenako sunthani pang'onopang'ono kupita kumanja mpaka igunde buku lomwe mwaika ngati malire, n'kubwerera mothamanga pomwe munayambira. Kachizindikiro kakapanda kubwerera pafupi ndi malo ake, pali chinachake chimene chikuwonjezera liwiro.

Chachiwiri ndi maonekedwe, ndipo apa m'pamene ndalama zimatayikira. Yezani dzanja kuchokera pamzere wa pamkono mpaka kunsonga ya chala chapakati. Lochepera masentimita 17 ndi laling'ono, lopitirira 19 ndi lalikulu. Onaninso kagwiridwe kanu. Ena amagoneka chikhatho chonse pa mausi, ndipo amafuna yayikulu ya msana wokwera ngati Razer DeathAdder kapena Zowie EC. Ena amapinda zala ngati zikhadabo, kumbuyo kwa chikhatho kokha n'kumakhudza, ndipo yapakati imawakwanira. Enanso amagwira ndi nsonga za zala basi, amenewa amafuna yaifupi ndi yopepuka. Mausi yodula imene siikukwana m'dzanja imagonja kwa yotchipa imene ikukwana, choncho ngati n'kotheka igwireni kaye musanalipire.

Kulemera kumabwera pachitatu. Logitech G102 imalemera magalamu 85, G305 yopanda waya magalamu 99 ndi batire lake la AA, G502 Hero magalamu 121, pamene G Pro X Superlight ili pa 63. Kwa wosewera wa masentimita 45, amene amanyamula mausi n'kuibwezera pakati kambirimbiri pa gemu imodzi, kusiyana kwa 121 ndi 85 kumamveka m'dzanja. Kusiyana kwa 63 ndi 55 n'kochepa kwambiri moti sikoyenera kukudyerani ndalama ya lendi. Kwa oyamba kumene, G102 kapena ina ya msinkhu umenewo ndi yokwanira. Chenjerani ndi zachinyengo zokha, poti mitundu yotchuka imakoperedwa kwambiri ndipo bokosi limaoneka lenileni. Ilumikizeni pa kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya kampani yake, G HUB kwa Logitech kapena Synapse kwa Razer. Pulogalamuyo ikapanda kuizindikira, bwezani.

Mukalowa mu pulogalamuyo, chitani zinthu zitatu n'kutulukamo. Siyani DPI imodzi yokha ndipo batani losinthira DPI mulichotsere ntchito, chifukwa chala chimaligunda mwangozi nkhondo ili mkati. Zimitsani angle snapping, imene imawongola mizere mwakufuna kwake. Ikani polling rate pa 1000 Hz, kutanthauza kuti mausi ikulankhula ndi kompyuta milisekondi iliyonse, pamene pa 125 Hz imatero pakadutsa mamilisekondi 8. Za 4000 ndi 8000 Hz zilipo, koma zimalemetsa purosesa ndi kumaliza batire, ndipo pa kompyuta yofooka gemu imayamba kudukiza. Ngati makina ndi akale kwambiri, 500 Hz ilibe vuto. Sungani zonsezi mkati mwa mausi momwemo ngati ili ndi posungira, kuti zizikutsatani kulikonse.

Chakumadzulo inali ntchito ya fumbi. Nyengo yotentha ino fumbi ndi thukuta zimapanga chikhungu pa padi ya nsalu, makamaka pakati pomwe dzanja limakhala. Pamenepo mausi imagwira, m'mbali n'kumaterera, ndipo wosewera amaganiza kuti sensitivity yasintha yokha. Kandani padi ndi chikhadabo, ikasiya mzere woyera yada. Ichapeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, pukutani ndi siponji yofewa, tsukuluzani bwino, yanikani pamthunzi itagona mpaka iumiretu. Padzuwa rabala ya pansi imapindika. Kukula kwake kukhale masentimita 45 ndi 40 kapena kupitirira. Kapadi kakang'ono ka muofesi kamakukakamizani kukweza sensitivity, ndipo zonse tayeza zija zimapita pachabe. Pagalasi kapena pa tebulo lonyezimira masensa ambiri amasochera.

Tembenuzani mausi muone kabowo ka sensa. Katsitsi kamodzi kokha kamachititsa kamuvi kunjenjemera kapena kulumpha. Uzirani, kapena pukutani ndi kathonje kouma. Timapazi toterera ta pansi pa mausi, ta pulasitiki ya PTFE, tikaperepeseka mpaka pulasitiki kuyamba kukhula padi, timagulitsidwa patokha, simufunika mausi yatsopano.

Ya waya, masulani chingwe chikhale ndi mpata, mutha kuchimata ndi tepi kuseri kwa skirini kuti chisakoke kapena kukola m'mphepete mwa tebulo. Yopanda waya, gwiritsani ntchito kadongo kake ka 2.4 GHz, kachipangizo kaja kolowetsa pa USB, osati Bluetooth, imene imachedwerapo. Kadongoko kasakhale kuseri kwa kompyuta pafupi ndi fulashi kapena hadi disiki yolumikizidwa pa USB 3.0, chifukwa zimenezi zimatulutsa phokoso la mafunde pa 2.4 GHz pomwepo. Kaikeni pa chingwe chowonjezera, kakhale masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa padi.

Wina anafunsa ngati zonsezi zithetse vuto lowombera munthu iye osagwa. Ayi, limenelo ndi la intaneti. Osewera Counter-Strike a kuno onetsetsani kuti gemu ikukuikani pa maseva a ku Johannesburg osati a ku Ulaya, tsitsani malire a ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerako) pa zosankha za gemu, ndipo lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya ngati mungathe.

Yatsalira mawa ndi mausi imodzi imene ikudina kawiri munthu atadina kamodzi. Kachitsulo ka mkati mwa switch ya batani lakumanzere katopa kapena kachita dzimbiri. Tiyamba ndi kukweza debounce, kanthawi kamene mausi imadikira isanawerenge kudina kwina, mu pulogalamu yake ngati ikulola, kuchoka pa mamilisekondi 4 kufika pa 8. Zikakanika, tidzaitsegula, zomangira zili pansi pa timapazi, n'kusungunula mtovu pa timiyendo titatu ta switch yakaleyo kuti tiikepo ina.