Maluwa osavuta pakhomo

Anzanga kapinga ndamusiya ine, bilu ya madzi mu Okutobala imandiliza koma pofika Novembala amakhala atauma ndithu. Pano kutsogolo kwa khonde ndadzala duranta, kachitsamba ka masamba achikasu kaja, ndinangothyola timitengo kwa aneba nkuzika mmachubu nthawi ya mvula basi anaphuka, ndimangomudulira kuti asapitirire mmawondo ndipo khomo likuoneka bwino zedi. Kumpanda ndaika alovera ndi bougainvillea, awa madzi otsukira mbale akuwakwanira, bougainvillea mukamuthirira kwambiri amangochita masamba maluwa osaoneka. Lantana yekha, chitsamba cha timaluwa ting'onoting'ono tamitundumitundu chija, chonde musadzale, amafalikira paliponse ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala. Muli ndi ana ang'ono samalani, tizipatso ta duranta tija ndi tapoizoni.