Kupeza Malo Ogona Kunja kwa Dziko Muli ndi Galu Kapena Mphaka

Anthu ambiri akamakonzekera ulendo wopita kunja ndi galu kapena mphaka wawo, mtima wonse umakhala pa ndege ndi pa mapepala, ndipo za malo ogona amazisiya kumapeto. Amadalira kabokosi kamene kali pa masamba a pa intaneti osungitsira malo ogona monga Booking.com kapena Airbnb, kamene ukakachonga umaona malo okhawo olola ziweto. Kabokosiko n'kothandiza pochepetsa mndandanda, koma ine ndimaona kuti sikayankha mafunso amene amasowetsa munthu mtendere akafika, ndipo mayankho ake sapezeka mwanjira ina koma kulembera eni malowo musanalipire.

Hotela ikhoza kulola agalu n'kukana amphaka, ina imalola galu mmodzi yekha wosapitirira makilogalamu amene inaika, ndipo ina ili ndi zipinda zochepa zokha za alendo oterewa, moti zikadzaza mumabwezedwa ngakhale zipinda zina zili zopanda anthu. Malipiro nawonso amasiyana: ena amawerengera pa usiku uliwonse, ena kamodzi pa ulendo wonse, pomwe ena amafuna ndalama ya chikole imene amabweza akaona kuti palibe chawonongeka. Ku America mahotela a Kimpton ndi a Motel 6 amadziwika kuti salipiritsa chiweto, koma ambiri satero. Choncho mu uthenga wanu tchulani mtundu wa chiwetocho, kulemera kwake ndi masiku amene mudzakhale, ndipo yankho lawo mulisunge mu foni, chifukwa wogwira ntchito amene mudzamupeze usiku polandirira alendo si amene anakuyankhani.

Funso limene ndimaliika patsogolo pa onse ndi lakuti kodi chiweto chingatsale chokha m'chipinda. Mahotela ambiri amaletsa zimenezi, kapena amafuna kuti chikatsala chikhale chotsekeredwa m'bokosi lake, ndipo lamulo limodzi lokhali lingasinthe ulendo wonse, popeza galu saloledwa m'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale, m'matchalitchi, ngakhalenso m'chipinda chodyera cha hotela yomweyo. Ngati muli nokha, ndiye kuti ngakhale chakudya cham'mawa mudzadyera pabedi. Sindiwaimba mlandu eni mahotela pa nkhaniyi. Galu wofatsa kwawo amatha kusintha akakhala m'chipinda chachilendo: amamva chikepe chikutseguka, mawilo a masutikesi akukhwekhwereza pakhonde, kiyi wa chipinda choyandikana nacho akulira, ndipo amaima pachitseko mphuno ili pansi n'kuyamba kuuwa mpaka alendo ena atadandaula. Palinso woyeretsa m'zipinda, amene angatsegule chitseko mosadziwa, chiweto n'kutulukira pakati pa miyendo yake.

Mphaka vuto lake ndi lina. Iye sachita phokoso, koma amasowa. Musanatsegule bokosi lake, gwadani muone kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati ndi pamene mapaipi amalowera m'khoma kubafa, chifukwa mpata umene mungauone ngati waung'ono, iye amakwanamo. Ku Germany ndi m'mayiko oyandikana nawo nyumba zambiri zili ndi mawindo otsegukira pamwamba mopendekeka, ndipo madokotala a ziweto kumeneko amadziwa bwino za amphaka amene amapanikizika pampata umenewu poyesa kutuluka n'kuvulala kwambiri. Pa chifukwa chimenechi, pa ulendo wa masiku angapo ndimakonda nyumba yalendi kusiyana ndi hotela, chifukwa palibe wolowamo popanda inu kudziwa. Komabe mufunse ngati malamulo a nyumba yonse yosanjikizanayo amalola ziweto, popeza mwini chipinda akhoza kuvomera pomwe oyang'anira nyumbayo amakana.

Masiku osungitsira malo asachokere m'mutu mwanu, achokere pa mapepala a chiweto. Mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union amafuna kuti chiweto chiyambe chaikidwa kachipangizo kochizindikiritsa pansi pa khungu, kenaka chilandire katemera wa chiwewe, ndipo padutse masiku 21 chisanalowe. Chikamachokera ku dziko limene silili pamndandanda wawo wa mayiko odalirika pa nkhani ya chiwewe, magazi ake amayenera kuyezedwa patatha masiku osachepera 30 chibayidwireni, kenaka mudikire miyezi 3. Japan imadikiritsa masiku 180 kuchokera tsiku lotenga magazi, pomwe ku Australia ziweto zochokera m'mayiko ambiri zimabindikiritsidwa masiku osachepera 10 ku Mickleham, pafupi ndi Melbourne, kutanthauza kuti masiku oyambawo simufunikira n'komwe malo olola ziweto. Zotsatira za magazi zikachedwa kapena zikapanda kukwana, ulendo wonse umasuntha, ndiye n'kwanzeru kulipira mtengo wokwererapo wa chipinda chimene mungachisinthe tsiku popanda kutaya ndalama.

Usiku woyamba ndi womaliza ndi wofunika kuuganizira mwapadera. Galu kapena mphaka wolowa ku Britain pa ndege sakhala ndi mwini wake, amayenda ngati katundu, ndipo pabwalo la ndege la Heathrow ku London amakamutengera kumalo olandirira nyama kumene kuunika mapepala kumatenga maola angapo. Malo ogona a usiku umenewo akhale pafupi ndi bwalo la ndege ndipo akhale olandira alendo nthawi iliyonse. Komanso galu wolowa ku Britain, Ireland, Finland, Malta kapena Norway amayenera kumwetsedwa mankhwala a njoka zam'mimba ndi dokotala pakati pa maola 24 ndi 120 asanafike. Ngati mukuchokera ku France kupita ku London Lolemba, malo anu omaliza akhale kufupi ndi chipatala cha ziweto, ndipo mupangane nacho tsiku msanga poganizira kuti zambiri zimatseka Lamlungu.

Pali agalu ena amene chilolezo cha hotela sichingawathandize. Lamulo la ku Britain la mu 1991 limaletsa mitundu monga pit bull terrier ndi Japanese Tosa, ndipo Germany nayo ili ndi malamulo okhwima pa kulowetsa mitundu ingapo yofanana nayo. Agalu otsogolera anthu osaona ndi ena othandiza olumala ali ndi ufulu wawo, moti ku America hotela siloledwa kuwakana kapena kuwalipiritsa, koma kunamizira kuti galu wamba ndi wotero pofuna kuzemba malipiro ndimakuona kuti n'kulakwira anthu amene amadaliradi agalu amenewa.

Chotsala ndi kuyang'ana mapu. Chipinda chokongola chapansanjika ya 12 pakati pa mzinda wopanda kapinga chimatopetsa galu akafuna kutuluka pakati pa usiku, ndipo si paki iliyonse yooneka yobiriwira pamapu imene imalola agalu. Sankhani chipinda chapansi, chopanda kapeti ngati chilipo, ndipo muwerenge ndemanga za alendo amene anabwera ndi ziweto osati za onse. Mukangolowa jambulani mipando, makatani ndi kunsi kwa chitseko, kuti zokandika zimene munazipeza zisadzachotsedwe pa chikole chanu.