Script ya Cron Si Imene Inkagwetsa Seva

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino, chifukwa ndamvetsa chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira pamene ndinayamba kuphunzira kusamalira maseva a Linux, ndipo ndati ndichilembe chisanandichoke. Nkhani yake ndi ya seva imene imazima n'kudzukanso yokha mwa apo ndi apo, koma mukayang'ana nthawi imene yagwera mumapeza kuti ndi pa mphindi yomweyo imene cron yadzutsa script yoyang'anira umoyo wa makinawo. Cron ndi pulogalamu imene imadzutsa ntchito pa nthawi zoikidwiratu m'fayilo yotchedwa crontab, ndipo script ndi kafayilo ka malamulo oti makina atsatire. Chimene chanditsegula maso n'chakuti script yotere, ngakhale izipezeka pamalopo nthawi iliyonse seva ikagwa, kawirikawiri ilibe mlandu. Iyo imangopempha zinthu zimene mapulogalamu ena sapempha, ndipo cholakwika chimakhala kwa woyankhayo: mu kernel (phata la Linux limene limalamulira makina onse), mu driver (code yolankhula ndi chipangizo), mu firmware (pulogalamu ya mkati mwa chipangizocho), kapena m'chipangizo chenichenicho.

Chifukwa chake n'chosavuta munthu akachiona. Pulogalamu wamba imakhala ku user space, kunja kwa kernel, ndipo ikalakwitsa, kaya yakhudza memory yosakhala yake, kernel imaipha iyo yokhayo n'kupitiriza ntchito. Pulogalamuyo ilibe dzanja lofika mkati mwa kernel. Chimene ingathe ndi kupempha kudzera mu system call, monga open, read kapena ioctl, ndipo pempho likakhala loipa, udindo wa kernel ndi kulikana n'kubweza error. Choncho ngati pempho lochokera ku script ya mizere yochepa lagwetsa makina onse, ndiye kuti mbali yoyankhayo yalephera udindo wake. Zilipo njira zochepa zimene script yoyendetsedwa ndi root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina) ingagwetsere kernel mwachindunji, monga kulemba mu /proc/sysrq-trigger, kulemba mu /dev/mem, kapena kumaliza memory yonse pa makina amene panic_on_oom inayatsidwa. Zimenezi mumaziona msanga mukangowerenga script ndi sysctl (makonzedwe a kernel), ndipo mukapeza kuti palibe, musataye nthawi kukonza mizere ya bash.

Funso limene linkatsala linali lakuti, nanga n'chifukwa chiyani ma script oyang'anira ndiwo amakonda kupezeka pa ngozi zotere, pamene database ndi web server zimagwira ntchito yolemera kwambiri usana ndi usiku popanda kugwetsa kanthu? Yankho ndi lakuti database imayenda m'njira zimene makompyuta ambirimbiri padziko lonse amayendamo sekondi iliyonse, ndipo zolakwika za m'njira zimenezo zinapezeka kalekale. Zida zoyang'anira zimapita kwina. Pulogalamu ya smartctl, ikafuna kudziwa za disiki imene ili kuseri kwa khadi la RAID (khadi lolumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito limodzi), imatumiza lamulo lapadera kudzera mu ioctl kuti driver ilipititse ku disikiyo. Pulogalamu ya ipmitool imalankhula ndi BMC, kakompyuta kakang'ono ka pa motherboard, kudzera mu /dev/ipmi0. Ndipo zimene zili mu /sys/class/hwmon zimaoneka ngati mafayilo wamba, koma si zolembedwa pa disiki ayi: mukalemba cat pa fayilo ya kutentha kwa chipangizo, mwadzutsa function ya driver, ndipo driver imeneyo ikhoza kukakhudza chip chenicheni nthawi yomweyo. Apa ndi pamene zinthu zinalowa m'mutu mwanga. Zili ngati ulalo wa mitengo umene anthu onse amaponda pakati, kenako wina wokankha njinga n'kuponda m'mbali mmene mtengo unadyedwa ndi chiswe. Woponda m'mbaliyo ndiye amagwera m'madzi, koma mtengowo unawola iye asanafike.

Seva imene ndinaphunzirirapo zimenezi ndi ya kumene ndimagwira ntchito masana. Cron inkadzutsa script mphindi zisanu zilizonse, ndipo script inkafunsa madisiki onse ndi smartctl, kenako n'kutenga kutentha ndi liwiro la mafani. Kwathu kuno seva ikazima usiku aliyense amayamba wakayikira magetsi, ndipo kukayikirako n'komveka, koma makina ena olumikizidwa ku UPS (batire yosungira magetsi) yomweyo sankazima. Mu log munalibe kalikonse. Lamulo la journalctl -k -b -1, lowerengera mauthenga a kernel a boot yapitayo, linkaonetsa mizere yabwinobwino kenako n'kudukira panjira, ngati munthu wadula pepala ndi lumo. Ndinamvetsa pambuyo pake kuti zimenezi ndi mmene ziyenera kukhalira: kernel ikafika pa panic, ndiko kugwa kwake kotheratu, imasiya chilichonse, pulogalamu yolemba log sipezanso mpata wogwira ntchito, ndipo uthenga womaliza, umene ndi wofunika kuposa wina uliwonse, umangotuluka pa console. Popeza pa seva imeneyi kernel.panic inaikidwa kuti makina azidzuka okha pakapita masekondi ochepa, uthengawo unkafufutika munthu asanauone.

Apa ndi pamene kdump, njira yosungira zimene zili mu memory kernel ikagwa, inalowa, ndipo ndinene poyera kuti ndaikonda kwambiri moti ndikuona kuti seva iliyonse isamayambe ntchito kdump isanaikidwe ndi kuyesedwa. Nzeru yake ndi yokongola. Pa boot mumapatula gawo la memory ndi crashkernel=, ndipo m'gawo limenelo mumasungiratu kernel yachiwiri imene imangodikira. Kernel yoyamba ikagwa, kexec imalumphira mwa yachiwiriyo osadzera ku BIOS, motero zonse zimene zinali mu memory zimatsala mmene zinalili. Kernel yachiwiri imaona memory ya yoyamba ngati fayilo ya /proc/vmcore, makedumpfile imachotsamo masamba osafunika n'kupanikiza zotsalazo, ndipo zonse zimasungidwa mu /var/crash makina asanadzukenso. Zimenezi zakhala mu Linux kuyambira pa 2.6.13, m'chaka cha 2005, ndiye si zachilendo ngakhale pang'ono. Ena amakonda netconsole, imene imatumiza mauthenga a kernel ku makina ena pa netiweki kudzera mu UDP, ndipo ena amadalira serial console kapena pstore. Njira zimenezi n'zothandiza, koma zimakupatsani mawu omaliza okha, pamene vmcore imakupatsani makina onse monga analili pa sekondi imene anagwa. Kwa ine palibe chofanana nayo. Chofunika n'kuiyesa pa nthawi yovomerezeka polemba echo c > /proc/sysrq-trigger, lamulo limene limagwetsa kernel dala, chifukwa memory yopatulidwayo ikachepa, kernel yachiwiri imalephera kudzuka ndipo mumadzazindikira tsiku limene mukuifunitsitsa.

Seva itagwanso, vmcore inapezeka. Kuti muitsegule ndi pulogalamu ya crash pamafunika vmlinux, fayilo ya kernel, yokhala ndi debug symbols (mayina a ma function ndi zina zothandiza pofufuza) za kernel yomweyo ndendende, osati ya version yoyandikana nayo. Nditalemba lamulo la log mkati mwa crash, m'munsi mwenimweni munali mzere wonena za NULL pointer dereference, ndipo address yake inali kanambala kakang'ono kwambiri, ziro zambiri kenako manambala awiri kumapeto. Kanambala kotere kamasonyeza kuti code inatenga pointer ya struct imene inali NULL n'kuyesa kuwerenga gawo lina la mkati mwake. Mzere wotsatira unali ndi Comm: smartctl, ndipo pa Tainted panali chilembo O, chimene chimatanthauza kuti mu kernel muli module yochokera kunja kwa source yake. Kenako Call Trace, mndandanda wa ma function amene ankaitanana, imene imawerengedwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba: pansi penipeni polowera system call, pamwamba pake do_syscall_64, kenako ioctl, ndipo mizere yapamwamba yonse inali ndi dzina la module ya khadi la RAID kumapeto kwake. Module imeneyi inaikidwa padera kalekale ndipo sinasinthidwepo, ngakhale kernel inali itasinthidwa kangapo.

Pa Comm pamafunika kusamala. Dzina limenelo limangonena process imene inali pa CPU panthawiyo. Ngozi ikachitikira mu interrupt, process yotchulidwayo ikhoza kukhala yongodutsa, ndiponso memory ikhoza kuonongedwa pa nthawi ina, kugwa n'kudzachitika pambuyo pake wina akaigwiritsa ntchito. Pa nkhani yathuyi Call Trace inkayenda molunjika kuchokera ku ioctl kukalowa mu driver, ndiye kulumikizana kwake kunali koonekeratu.

Koma chimene chinandisangalatsa koposa chinatuluka nditalemba ps mkati mwa crash. Ma process a smartctl analipo awiri. Ina inali pa UN, kutanthauza kuti inagona mkati mwa kernel kudikira yankho la disiki ndipo singadzutsidwe ndi signal, pamene inayo inali pa RU, ili ndi kachizindikiro kosonyeza kuti ndi imene inali pa CPU. Zonse zinagwirizana nthawi imodzi. Usiku backup imapanikiza madisiki, smartctl yoyamba imachedwa kuyankhidwa, mphindi zisanu zimakwana isanamalize, ndipo cron, imene sifunsa ngati ntchito yapitayo yatha, imadzutsa script yachiwiri. Mapempho awiri amakumana mkati mwa driver imene ikuoneka kuti sinatetezedwe mokwanira ku zimenezo, lina n'kufufuta chinthu chimene linzake likugwiritsabe ntchito. N'chifukwa chake seva inkagwa usiku wina n'kusiya usiku wina, ndipo n'chifukwa chake kuyendetsa script pamanja masana sikunkachita kanthu. Script inali yomweyo, koma masana inkalowa yokha. Popanda vmcore sindikuona mmene munthu akanaonera ma process awiriwo, chifukwa uthenga wa pa console umatchula imodzi yokha.

Ndikaganiza za nthawi imene inapita ndisanafike pamenepa, ndimadandaula ndi kaphunzitsidwe kathu. M'kalasi kernel inajambulidwa ngati kabwalo ka pakati pa chithunzi, n'kutiuza kuti ndi mtima wa dongosolo lonse, basi n'kupita ku mutu wina umene umabwera pa mayeso. Pa nkhani ya kufufuza mavuto tinauzidwa kuti tizionamo mu log, osatiuza kuti vuto lalikulu kuposa onse ndi limene silisiya kanthu mu log. Palibe tsiku limene tinagwetsapo kernel dala mu labu kuti tione maonekedwe a panic, chonsecho pa virtual machine n'zotheka ndi mzere umodzi ndipo palibe chimene chimaonongeka. Sindikunena kuti aphunzitsi sadziwa. Silabasi imawathamangitsa, ndipo ifenso timafunsa kwambiri za zimene zibwere pa mayeso kuposa za zimene tidzakumane nazo ku ntchito. Nthawi nayonso ndi yochepa kwa munthu amene masana ali pa ntchito ndipo amawerenga madzulo atatopa. Ngakhale debug symbols zokha ndi mamegabayiti mazanamazana, moti ukamaphunzirira kunyumba umayamba waganizira za bandulo usanayambe kuzitsitsa.

Pokonza, choyamba chinali kuika flock -n kutsogolo kwa script mu crontab, kuti yachiwiri izingotuluka ikapeza yoyamba isanamalize. Ena anganene kuti timeout ingathandize, koma process imene ili pa state D, imene ndi UN ija ya mu crash, simva ngakhale kill -9 mpaka kernel itaimasula, ndiye timeout yokha sitseka mpatawo. Komabe flock sikonza driver. Imangoonetsetsa kuti script yathu isakumane ndi inzake, koma munthu akalemba smartctl pamanja pa nthawi yolakwika, kapena pulogalamu ina ya khadilo ikafunsa nthawi yomweyo, vuto likhoza kubweranso. Chachiwiri chinali kuchotsa module yakunja ija n'kugwiritsa ntchito driver imene imabwera ndi kernel ya distribution yathu. Zimenezi zili ndi ubwino winanso: osamalira kernel nthawi zambiri safuna kufufuza lipoti lochokera ku kernel imene ili tainted ndi module imene iwo sakuidziwa, ndiye chilembo O chikachoka mumakhala ndi kokadandaula.

Kuyambira pamenepo seva sinagwenso, koma sindinganene kuti nkhani yatha. Zosintha ziwirizo zinalowa usiku umodzi, chifukwa mpata wozimitsa seva unaperekedwa kamodzi kokha, motero sindingathe kusiyanitsa chimene chathandiza pakati pa flock ndi driver yatsopano. Tilibe makina ena okhala ndi khadi lomwelo oti ndiwapanikize ndi ntchito n'kuyendetsapo smartctl ziwiri dala kuti ndione ngati angagwe. Kufotokoza kwanga kwa mapempho awiri okumana kukugwirizana ndi zonse zimene ndinaona mu vmcore, koma n'zothekanso kuti firmware ya khadilo imayankha mochedwa, driver itasiya kale kudikira, ndipo smartctl yachiwiriyo inangopezeka pomwepo. KASAN, imene inalowa mu Linux 4.0 m'chaka cha 2015, imagwira code yogwiritsa ntchito memory yomasulidwa kale, koma imafuna kernel yomangidwa mwapadera ndipo imachedwetsa makina, moti sindingaiike pa seva imene anthu akuidalira. Mwina slub_debug, njira ina ya kernel yofufuzira zolakwika za memory, ingakhale yopepukirako, koma ndikuwerengabe kuti ndidziwe ngati ingagwire vuto la mtundu umenewu. Pakali pano kdump ndaisiya yoyaka, ndipo sindinasankhebe ngati ndipemphe chilolezo chochotsa flock kwa usiku umodzi wa backup kuti ndidziwe zoona zake, kapena ndisiye seva imene ikuyenda bwino ipitirize ntchito.