Ku Torbole, kumene mafunde amakusankhirani bolodi

Mukatsika sitima yochokera ku Verona pa siteshoni ya Rovereto, chotsala ndi basi. Imakwera pang'ono mpaka ku Nago, kenaka msewu n'kuyamba kutsetsereka mokhotakhota, ndipo mwadzidzidzi nyanja ya Garda imaonekera pansi panu, itapanikizika pakati pa mapiri a miyala. Ndiyo nyanja yaikulu kuposa zonse mu Italy, yotalika makilomita pafupifupi 52. Kum'mwera ndi yotambalala, koma kumpoto kuno, kumene kuli katauni ka Torbole, ndi yopapatiza. Kupapatizako n'kumene kumalimbitsa mphepo, ndipo mphepoyo ndi imene imaitana anthu okonda windsurfing, masewera oyenda pamadzi mutaima pa bolodi lokhala ndi thanga.

Mphepo za kuno zilipo ziwiri, ndipo zimasunga nthawi kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa. Peler imachokera kumpoto, imayamba usiku n'kuomba mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ikaleka, nyanja imati zii kwa kanthawi. Chakumasana, mapiri ndi chigwa cha mtsinje wa Sarca zikatenthedwa, mpweya wotentha umakwera ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kumpoto kukalowa m'malo mwake. Imeneyo ndiyo Ora. Mumaiona isanakukhudzeni: mzere wakuda pamadzi ukubwera kuchokera kum'mwera, ndipo anthu amene anali chigonere pa udzu onse dzambatu, kuthamangira matanga awo.

Popeza Ora imakhala itayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, imafika ku Torbole itautsa mafunde. Si mafunde aakulu a m'nyanja ya mchere aja obwera mwa ndondomeko, limodzi pambuyo pa linzake. Awa ndi afupiafupi, osongoka, othithikana. Ena amakamenya makoma a miyala m'mbali mwa nyanja n'kubwerera, ena amadzutsidwa ndi mabolodi a anzanu, ndiye amakumana mopingasana. Mukuyenda mothamanga zimakhala ngati galimoto pa msewu wa mabampu: mano khwekhwekhwe, maondo akulira. Mwayi wake ndi wakuti mbali ino ya nyanja, imene ili m'chigawo cha Trentino, maboti a injini a anthu wamba saloledwa, apo ayi bwenzi zinthu zili poipa.

Mphepo ikadali yofooka ndinkayenda pa bolodi lotambalala la malita 130 (kukula kwa bolodi amakuyeza m'malita), m'lifupi mwake masentimita oposa 75. Bolodi lotere ndi laulemu. Limakunyamulani ngakhale mutaima chilili, ndipo silichedwa kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi. Koma Ora ikakhwima, ulemu wonse uja umatha. Mphepo imalowa pansi pa mphuno yake yotambalalayo n'kuinyamula, kumimba kwake kosalala kumamenya funde lililonse kuti phwa! phwa!, ndipo mphamvu zanu zimathera pa kulikhazika pansi. Ndikafika pamenepo ndinkabwerera kumtunda kukatenga laling'ono la mtundu wa freewave, la malita 105, lopapatiza ndi masentimita 10 kapena kuposa.

Mkulu wina wobwereketsa mabolodi, wa manja okhakhala ndi nkhope yopsa ndi dzuwa, analitembenuza chagada pa udzu n'kuika kathabwa kowongoka mopingasa pamimba pake kuti ndione. Kathabwako sikanagone pansi konse. Pakati pa bolodi panali potukuka pang'ono, mbali zonse ziwiri zikutsika, mawonekedwe a chilembo cha V, ndipo chakutsogolo kunali timakwawa tiwiri tosazama. Zimenezi ndizo zimang'amba funde n'kufewetsa kugwa kwa bolodi. Mphuno yake inali yopindikira m'mwamba kuti isamazike m'funde lakutsogolo, m'mphepete mwake chakumchira munali mopyapyala kuti muzigwira madzi pokhota. Malamba olowetsamo mapazi anali chapakati, osati kumphepete kwenikweni monga amakhalira pa mabolodi a mpikisano wa liwiro. Anandionetsanso kuti tsinde la mlongoti mukalisunthira kutsogolo pang'ono, kulemera kwa thanga kumatsendereza mphuno ndipo bolodi limadekha.

Koma nkhani imene tinakhalitsapo ndi ya chipsepse, chija chimakhala kunsi kwa mchira wa bolodi kuti lisamaterereke cham'mbali, ndi kabokosi kamene chimalowamo. Anthu ambiri amasankha bolodi poona malita ndi mtundu wa penti, kabokosiko osakasuzumira n'komwe, chonsecho ndi kamene kamalamula zipsepse zimene mudzagwiritse ntchito moyo wonse wa bolodilo. Kawirikawiri cha mtundu wina sichilowa m'kabokosi ka mtundu wina, ngakhale mutachikhoma.

Langa lija linali ndi kabokosi kotchedwa Powerbox. Mutu wa chipsepse chake ndi wocheperachepera chakumwamba, umalowa mothina, ndipo bawuti imodzi yochokera pamwamba pa bolodi imaukoka mpaka kuti gwa. Kusintha ndi kamphindi chabe, n'chifukwa chake mabolodi ambiri ongoyendera mosangalala ali ndi kameneka. Mtundu wina ndi Tuttle: imamangidwa ndi mabawuti awiri ndipo imapirira mphamvu zambiri, choncho ndi imene mumaipeza pa mabolodi a slalom, a mpikisano wa liwiro aja. Mkulu wake ndi Deep Tuttle, yozama kwambiri, yonyamula zipsepse zazitali mpaka masentimita 70 za mabolodi otambalala kwambiri a mpikisano otchedwa Formula, komanso foil, mapiko a pansi pa madzi amene amatukula bolodi m'mwamba. Chipsepse cha Tuttle wamba chimalowa mu Deep Tuttle mukapeza mabawuti otalikirapo, koma cha Deep Tuttle mu Tuttle wamba mutu umatsalira kunja.

Imene inandikopa mtima ndi US box, yakalekale ija. Ndi kangalande kautali: mbali imodzi ya chipsepse imakola ndi kachitsulo kopingasa, mbali inayo imamangidwa kuchokera pansi ndi kabawuti kolowa m'kachitsulo kaphanthiphanthi. Kachitsulo kameneka kakagwera mu udzu, tsiku lanu lathera pomwepo, anzanga, muzinyamula kapadera. Ubwino wake ndi wakuti chipsepse chimasuntha. Kutsogolo, bolodi limakhota mofewa. Kumbuyo, limagwira njira. Palinso Slot box, yopepuka, yokhala ndi timabawuti tolowa cham'mbali, yofala pa mabolodi a zipsepse zitatu kapena zinayi.

Zonsezi zimamveka pa phazi lakumbuyo. Bolodi likamadumphadumpha, mpweya umalowa pansi pake n'kutsikira m'mbali mwa chipsepse. Chikatero chimasiya kugwira madzi, mchira n'kuterereka, inu n'kumapita cham'mbali. Amene amasewera amati spin-out. Mankhwala ake ndi kupepukitsa phazi lakumbuyo n'kukokera mchira pansi panu. Chimene chimaputa vutoli kawirikawiri ndi kuponda mwamphamvu potera, kampata pakati pa mutu wa chipsepse ndi kabokosi, kapena chipsepse chokumbika kutsogolo chifukwa chogunda miyala, ndipo gombe la kuno ndi la timiyala. Chachitali kwambiri nachonso chili ndi mlandu wake: mphepo ikakula chimanyamula bolodi mpaka kufuna kulipendeketsa. Pa lalikulu lija panali cha masentimita 42, pa laling'ono chosafika 30, chopindikira kumbuyo.

Kunena zoona, mabolodi a slalom ankandipitirira ngati ndaima, ndipo sindinawachitire nsanje. Eni ake ndi anthu a miyendo yolimba amene amalipira liwiro limenelo ndi msana. Kwa munthu wofuna kukhala pamadzi masana onse n'kudzukanso mawa akuyenda bwinobwino, ine ndingasankhe lopapatiza, la V pamimba, la Powerbox.

M'mawa wina ndinatsika ndi msewu wa m'munsi mwa phiri la Monte Baldo kupita ku Malcesine, kumene Peler imafika itakula ndipo mafunde ake amaposa a ku Torbole. Kumeneko mabolodi ambiri amene ankatsitsidwa m'magalimoto anali osafika malita 100, ena a zipsepse zitatu, matanga ang'onoang'ono. Ine ndinakhala pa mwala n'kumaonerera akuluakulu akudumpha.