Zomwe tinakaona kwa anzathu a ku Mulanje pa nkhani za pa foni

Gulu lathu la achinyamata la ku Mchinji linapita kukacheza ndi anzathu a ku Mulanje, amene tinamva kuti ali ndi kayendetsedwe kawokawo ka nkhani pa WhatsApp. Tinanyamuka m'bandakucha kudzera ku Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndipo pa Limbe tinakhotera msewu wa Thyolo. Pa Chitakale tinafika dzuwa litapendeka, eni ake akutidikira ndi zinanazi.

M'mawa mwake tinakumana m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale. Wapampando wawo, mtsikana wa msinkhu wathu womwewu, anayamba ndi za anamapopa a mu 2017. Mphekesera yoti kuli anthu opopa magazi inadzaza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kukafika ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, mabanja ankagona panja, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma ena. "Ife tinali ana," anatero. "Koma amene ankabweretsa nkhanizo pakhomo anali achimwene athu a mafoni."

Apa ndiye panagona nkhani yonse. Kumudzi foni ya tachi imakhala imodzi pakhomo, ndipo amaigwira ndi wachinyamata. Mnyamata wina anationetsa yake, galasi losweka, kumbuyo yomanga ndi mphira, imene amakatchajitsa pa sola ya ometa tsitsi. Madzulo agogo ake, amayi ake ndi oyandikana nawo amamuzungulira kuti amve ma voice note. Agogo sawerenga, koma akamva mawu a munthu akulankhula Chichewa kapena Chilomwe, akulumbira kuti waona ndi maso ake, kwa iwo nkhaniyo yatsimikizika. Mwana akangotsegula, mudzi wonse wamva.

Foni zomwezo zinawathandiza pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Machenjezo a nthambi ya zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ankafika pa magulupu, ndipo napolo atagumula midzi anthu ankafunsana pomwepo kuti uje ali ku kampu iti. Koma mkati mwa zoonazo munkalowanso zithunzi zakale za madzi osefukira a kumayiko ena, zolembedwa mayina a midzi yawo.

Atatuluka m'mavutowo anaika malamulo. Wotumiza nkhani ayenera kunena amene waona, malo ake ndi tsiku lake. Akalephera, adimini amaifufuta. Lamulo limene linandigwira mtima ndi la maliro. Palibe amaloledwa kuika chithunzi cha womwalira, kapena kulemba RIP, abale ake asanauzidwe. Mtsikana wina anafotokoza za mayi amene anamva za imfa ya mwana wake kuchokera kwa ana a sukulu omwe anaona pa Facebook, wamthenga wa kubanja akadali m'njira pa njinga. M'kalasimo munali zii. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi mwambo wake, umadzera kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu, ndipo ndimaona kuti ife achinyamata tauphwanya chifukwa chongofuna kukhala oyamba kulengeza.

Sitinagwirizane pa zonse. Pa zodikira kuti nkhani itsimikizike kaye, mnzathu wina anati wailesi imachedwa, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 anthu sakanatha kungokhala chete mpaka bungwe loyendetsa chisankho la MEC litalengeza zotsatira pa 24. A ku Mulanje anamuyankha kuti m'masiku omwewo ndi mmene zotsatira zopeka zinkayenda kwambiri, aliyense akutumiza zokomera chipani chake. Wina anakumbutsa za lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, loti munthu atha kumangidwa pa zomwe walemba pa intaneti. Ine sindikhulupirira kuti mantha a ndende ndiwo angatikonze. Vuto lalikulu ndinaliona pa bandulo. Ambiri timagula ya WhatsApp yokha chifukwa ndiyo yotchipa, ndiye nkhani imatipeza koma linki yokatsimikizira pa tsamba la nyuzipepala siitseguka. Anzathuwo amasonkherana kuti mmodzi akhale ndi bandulo ya intaneti yonse, ndipo iyeyo ndiye amafufuzira gulu.

Tinagwirizana zoyesa njira imeneyi kwathu, makamaka pa nkhani za mitengo ya soya ndi chimanga zomwe zimabwera kuchokera ku Chipata kudzera pa Mwami, zimene zimapangitsa alimi kugulitsa mothamanga kwa mavenda. Funso limene linatikanika tonse ndi la adimini wa zaka 19 amene ayenera kufufuta uthenga wabodza wotumizidwa ndi amalume ake kapena mkulu wa mpingo. A ku Mulanje anati amayamba amuimbira mwaulemu, "Pepani amalume, nkhani ija mwaimva kwa ndani?", koma anavomera kuti ena amakwiya n'kutuluka pa gulupu. Tidzaikambirananso akadzabwera ku Mchinji tikakolola.