Sabata ya Ogasiti pa yadi ya maboti ku Braunston

Kuntchito kwathu sabata imayamba Lachisanu. Ndimagwira pa yadi ina yobwereketsa maboti pafupi ndi Braunston, m'chigawo cha Northamptonshire ku England, pomwe ngalande ya Oxford imakumana ndi ya Grand Union. Maboti ake ndi aja aatali koma opanikizika mkati, otchedwa narrowboat. M'lifupi mwake ndi mafiti 6 ndi mainchesi 10, chifukwa zipata zokwezera ndi kutsitsira maboti pa ngalande zambiri zakale anazimanga za mafiti 7 basi. Banja limabwereka boti kwa sabata yathunthu, kugonamo, kuphikamo, n'kumayenda mwakachetechete osapyola mamailosi 4 pa ola. Ine zamipope ndinaphunzirira ku Blantyre, ndiye chilichonse chokhudza madzi m'botimo chimagwera ine: mapampu, shawa, masinki, koma kwenikweni chimbudzi.

Lachisanu maboti amabwerera m'mawa, ndipo pofika masana ayenera kukhala atanyamukanso ndi alendo ena. Boti likamakhota kulowa pa yadi, anzanga amayang'ana ngati lakandika penti, ine ndimayang'ana mmene lapendekera. M'maboti athu ambiri thanki ya zoipa ili pansi pa bedi, chambali imodzi. Lita imodzi imalemera kilo imodzi, kotero thanki ya malita 400 ikadzaza boti limatsamira mbali yakeyo moonekeratu. Sindifunikanso kufunsa.

Kupopa kwenikweniko n'kosavuta. Umatsegula chivindikiro chamkuwa cha m'mphepete mwa boti, kulowetsa mlomo wa paipi yaikulu, kuyatsa pampu, n'kumayang'ana pakagalasi mpaka zitasiya kudutsa. Anthu ambiri amalekera pomwepo, ndipo apa ndi pomwe mavuto a miyezi yakutsogolo amabadwira. Zamadzimadzi zimachoka msanga, zolemera zimatsala pansi n'kuyamba kuuma. Choncho timathiramonso madzi, awiri aife n'kuima m'mphepete kugwedeza botilo uku ndi uku, kenako n'kupopanso mpaka madzi a pakagalasi ayambe kuyera. Paipi yotsukira ili ndi malo akeake, ndipo mnyamata aliyense watsopano ndimamuuza tsiku loyamba kuti akadzangoigwiritsa ntchito podzaza thanki ya madzi akumwa, tidzasiyana.

Masana ndiye nthawi imene ndimaiona ngati ntchito yanga yeniyeni, ngakhale imatenga mphindi zisanu zokha: kulongosolera alendo. Vuto lake n'loti maganizo awo onse ali pa chiwongolero ndi pa zipata, za chimbudzi amangogwedezera mutu. Ndiye ndimawaitana onse, ana omwe, kudzapanikizana pakhomo pa bafa. Ndimawauza kuti madzi a pasinki ndi a shawa amaloledwa kugwera m'ngalande, koma za m'chimbudzi n'zoletsedwa, ndipo zonse zimene agujumula ayenda nazo mpaka tsiku lobwerera. Kwathu dzenje likadzaza timakwirira n'kukumba lina, n'kuokapo nthochi. Mubotimu mulibe kokumba. Ndimawaonetsa batani la madzi ochepa, ndimawapatsa tishu yathu yopyapyala yosungunuka msanga, ndipo ndimauza mmodzi wa iwo agujumule ndili pompo kuti amve kulira kwa mota ikakhala bwino. Ana ndiwo amamvetsera. Bambo amakhala atasuzumira kale pawindo kuyang'ana injini.

Loweruka madzulo foni inalira. Limodzi mwa maboti a dzulo lake linali litaima kumunsi kwa zipata za Napton, chimbudzi chikungong'ung'udza osakoka. Ndinasiya galimoto pa mlatho n'kutsata kanjira ka m'mbali mwa ngalande, bokosi la zida kudzanja ili, chidebe kudzanja linalo. Botili lili ndi chimbudzi cha macerator: kuseri kwake kuli mota ya mavoti 12 yokhala ndi timipeni togaya zonse zisanakankhidwire m'paipi yopyapyala yopita ku thanki. Mota ikamang'ung'udza osazungulira ndiye kuti timipenito tagwidwa. Chinthu choyamba n'kuzula fyuzi, chifukwa mwana atati akanikize batani dzanja lako lili mkati, zala udzazisiya momwemo. Kenako kukapa madzi a m'mbale, kuyala nsanza, kumasula mota.

Ndinapeza zimene ndimapeza nthawi zonse: timapepala tonyowa topukutira ana, titazengerezana pa timipeni. Mwini banja anali ataima pakhomo.

"Bambo, ife sitinaponyemo kanthu," anatero.

Ndinangotiika m'chidebe momwe angathe kutiona, osayankha. Mayi a m'nyumbamo ndiwo anati papaketi palembedwa kuti n'togujumulika. Si bodza lawo, palembedwadi. Koma tishu ukaiviika m'madzi n'kutakasa imaphwasuka, pomwe timapepalati timakhalabe tathunthu, tina tili ndi ulusi wa pulasitiki. Mu 2017 timapepala totere tosakanikirana ndi mafuta ophikira tinatseka suweji ya ku Whitechapel ku London, chimulu cholemera matani 130. Ngati timapepalati tinagonjetsa suweji ya mumzinda waukulu, kamota ka m'boti kangalimbe bwanji? Ndinabwezeretsa zonse, ndinagujumula kangapo, ndinawasiyira kabini ka zinyalala kachivindikiro.

Lamulungu ndinapuma. Kutchalitchi achimwene ena a kwathu amandipatsa moni woti "Adokotala a zimbudzi, mwadzuka bwanji?" Ndimavomera, chifukwa tsiku limene kwawo kwatsekeka amaimbira ine ndemwe.

Lolemba kumabwerera maboti a anthu obwereka masiku ochepa. Gulu lina la anyamata linabwera likudandaula kuti thanki inadzaza tsiku limodzi lokha, ndipo linalipira kupopetsa panjira, mapaundi 20 ndi kanthu. Nditafunsa bwinobwino zinapezeka kuti podzaza madzi akumwa analowetsa paipi pabowo lotsukira thanki ya chimbudzi, n'kupita kukamwa tiyi. Anazindikira zitayamba kutulukira pa kabowo kopumira. Zivindikirozo zili ndi zilembo, koma ndani amawerenga? Tsopano chotsukiracho tachipaka utoto wofiira.

Ntchito imene inandidyera mutu inali ya Lachiwiri. Kupatula maboti athu, timakonzanso a anthu wamba, ndipo kunabwera gogo wina amene amakhala m'boti mwake chaka chonse. Nditangotsika masitepe fungo linandilandira, la mazira owola losakanikirana ndi la mankhwala onunkhiritsa. Gogoyo ndi waukhondo kwabasi, mbale ya chimbudzi inkachita kunyezimira. Anandionetsa mabotolo: mankhwala a buluu amene ankathira kuwirikiza kawiri muyezo, ndi jiki. Anati mwezi uno wa Ogasiti wasiya kuitana anzake kudzacheza.

Anthu ambiri amaganiza kuti fungo limathetsedwa ndi mankhwala ambiri. Ine ndimayamba ndi mpweya. M'thanki mumakhala mabakiteriya a mitundu iwiri. Ena amafuna mpweya wabwino kuti agwire ntchito, ndipo akamaphwanya zoipa satulutsa fungo lambiri. Enawo amasangalala pomwe palibe mpweya, ndipo ndi amene amatulutsa hydrogen sulphide, gasi wa fungo la mazira owola uja. Thanki ikamapuma bwino oyambawo amapambana. Ikatsekeka, achiwiriwo amatenga ufumu, ndipo kutentha kumawathandizira. Jiki amapha onse kwa kanthawi, amaumitsa malabala otsekera, ndipo kumusakaniza ndi mankhwala ena m'malo otsekeka n'kuika moyo pachiswe.

Ndinatuluka panja kukayang'ana kabowo kopumira ka m'mbali mwa boti. Kanali katatsekedwa ndi ukonde wa akangaude ndi zinyalala zouma, ndipo paipi yake mkati inali yopyapyala, itapindika n'kupanga kachigwa momwe munaima madzi. Thankiyo sinkapuma n'komwe. Mpweya woipa, posowa kotulukira, unkabwerera m'nyumba nthawi iliyonse akagujumula. Kabowo kotsekeka kali ndi ngozi inanso: pampu yamphamvu ikamakoka popanda mpweya wolowa, imatha kufwaphiza thanki kapena kung'amba polumikizira.

Koma fungo lina linkachokera pansi pa bedi, kutali ndi chimbudzi. Apa pali kayesedwe kamene ndimakakonda chifukwa sikafuna chida chilichonse. Umaviika kansanza m'madzi otentha, kukulunga paipi, kudikira kazizire, kenako n'kutuluka nako panja kukanunkhiza. Kakanunkha, ndiye kuti paipi yatha: siikudontha, koma fungo lalowerera m'thupi mwake ndipo likudutsa. Paipi yotere ngakhale uitsuke chotani singachire. Kansanza ka gogoyo sikanafune kununkhiza kawiri.

Kusintha mapaipi m'boti lopanikizika ndi ntchito ya mawondo ndi msana. Unyamule matiresi, umasule matabwa, ugone chammbali mkono umodzi uli m'dzenje losaoneka. Paipi yakaleyo nditaidula, mkati mwake munali mutakakamira zoyera zolimba zochokera ku mkodzo ndi madzi a laimu a dera lino, moti njira inatsala yongokwana chala. N'chifukwa chake mota yake inkalira motopa. Kavalavu kalabala koletsa zoipa kubwerera nakonso kanali katauma, kukamwa kuli yasa. Ndinaika paipi yeniyeni ya zimbudzi, nsonga zake ndikuziviika m'madzi otentha kuti zilowe, zomangira ziwiri pa mfundo iliyonse, ndipo ndinaiyala motsetsereka kuti musamaime kanthu. Chopumira ndinaika chachikulu, cholunjika. Ntchitoyi inadutsa mpaka Lachitatu m'mawa.

Ndinawauza gogowo kuti jiki asiye, mbale azitsuka ndi sopo wofewa, ndipo kamodzi pamwezi azithira viniga woyera kapena asidi wa mandimu, n'kumusiya agone m'paipi asanagujumule. Akafuna mankhwala a m'thanki asankhe aja othandizira mabakiteriya, osati owapha. Anandiyang'ana mokayika n'kufunsa ngati n'zoona kuti kabowo kakang'ono kotero ndi kamene kawasowetsa mtendere chilimwe chonse. Ndinati abwere pakatha masabata awiri adzandiuze okha.

Lachitatu masana ndinali pa kanyumba kathu kotayira makaseti, malo amene aliyense kuno amangowatchula kuti Elsan. Maboti ambiri a anthu wamba alibe thanki yaikulu. Ali ndi chimbudzi cha kaseti, monga za kampani ya Thetford, chokhala ndi kathanki ka malita osakwana 20 kamene umasolola n'kukanyamula pamanja. Bungwe la Canal & River Trust, limene linalowa m'malo mwa British Waterways mu 2012 ndipo limayang'anira mamailosi pafupifupi 2,000 a ngalande ndi mitsinje, lili ndi malo otayirawa m'njira, otsegula ndi kiyi mmodzi yemweyo. Athuwa anali atatsekeka chifukwa wina anataya kaseti chivindikiro cha mlomo wake n'kugwera momwemo. Ndinachivuula ndi waya.

Ndili pomwepo kunafika mnyamata wina wonyamula kaseti koyamba, ndipo ndinamuletsa asanadzithire. Katayidwe kake n'koti uzungulize mlomo, uchotse chivindikiro n'kuchiika kutali ndi dzenje, upendeke mlomo uloze pansi, kenako ndiye ukanikize kabatani kolowetsa mpweya kuti zituluke mosakhavukira. Ukakanikiza kasetiyo ili chilili zimatulukira pa chala chako. Ukatha uthiremo madzi, ugwedeze pang'ono osati mwamphamvu, chifukwa mkati muli kachipangizo koyandama kosonyeza kudzaza. Labala wotsekera umupake mafuta a silicone kapena a olivi, osati Vaseline.

Pantchito zonsezi magolovesi sindivula, ndipo kabala kalikonse ndimakamata ndisanayambe. Anthu amaopa za m'thanki, koma madzi a m'ngalande nawonso ali ndi zawo: mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a Weil, amene amayamba ngati chimfine wamba. Ndikadzamva kutentha thupi, chinthu choyamba kumuuza dokotala ndi ntchito imene ndimagwira.

Lachinayi bwana anandiitana mu ofesi. Akufuna kumangitsa boti latsopano nyengo yozizira ikubwerayi, ndipo amafuna kumva maganizo anga pa chimbudzi. Iwo mtima unali pa zija zolekanitsa mkodzo ndi zolimba, zosafuna madzi, zimene ena amati za manyowa. Ndinawakumbutsa kuti mu 2021 Canal & River Trust inasintha malangizo ake, n'kunena kuti zolimbazo zisamatayidwenso m'mabini ake. Kuti zisanduke manyowa enieni zimafuna pafupifupi chaka, ndiye munthu wokhala m'boti mwake amene ali ndi posungira angathe, koma mlendo wa sabata imodzi ayi. Kaseti nayonso ndinaikana: banja la anthu asanu ndi mmodzi lingamaidzaze tsiku lililonse, tchuthi chonse n'kuthera kusaka Elsan.

"Ndiye mukuti macerator?" anafunsa.

Ndinati ayi bwana, ikani chija chachikale chokhala pamwamba penipeni pa thanki, chopondera ndi phazi, zoipa n'kugwera pansi zokha. Alendo ena amachinyansidwa chifukwa ukaponda umaona mkati, ndipo pakabuku kotsatsira malonda sichioneka chapamwamba. Koma chilibe mota, chilibe fyuzi, chilibe paipi yoti n'kutsekeka, chimamwa madzi ochepa kotero thanki imachedwa kudzaza, ndipo chokhacho chimene chimatha ndi labala wotsekera, amene ndimasintha osagona pansi. Bwana anati anthu olipira ndalama zambiri amafuna chimbudzi chofanana ndi cha kunyumba. Sitinamvane. Chimene anavomera n'chakuti, kaya asankha chiti, thanki idzakhale pakati pa boti ndipo idzakhale ndi zopumira ziwiri zazikulu, china mbali iyi china mbali inayo, ndipo anandiuza ndilembe miyezo yake kuti aitumize kwa omanga.